Tsitsi, khungu ndi nkhope ku Korea: musanalipire ku hanuiwon, tamverani izi

Mwana wa achimwene anga, amene wangobwera kumene kudzaphunzira ku Daegu, ananditumizira chithunzi cha mutu wake pa WhatsApp. Pakati pa mizere ya mesh panali kadazi kozungulira, kosalala, kopanda tsitsi ndi limodzi lomwe. Pansi pake analemba kuti: "Azakhali, mnzanga wa m'kalasi akuti andiperekeze ku hanuiwon, ati kuli mankhwala azitsamba omeretsa tsitsi, koma ndilipiriretu miyezi itatu. Ndipite?" Ndisanamuyankhe n'komwe ndinamvanso za mnyamata wina wa kwathu amene wathera ndalama ya chakudya ya semesita yonse pa mankhwala a dazi, mutu udakali momwemo, pano akungokongola kwa anzake. Ndiye ndaona kuti m'malo moyankha mmodzimmodzi ndilembe pano, nonse amene mwatera ku Incheon chaka chino muwerenge. Za visa, za ARC (chiphaso cha alendo okhala kuno) ndi za kutumiza ndalama kumudzi ena analemba kale. Ine ndikamba za tsitsi, khungu ndi nkhope, chifukwa ndi pamene ndinapwetekedwa.

Mundimvetse, sindikunena kuti hanuiwon, zipatala za mankhwala achikorea, ndi malo a mbava. Alipo mwa ife amene akangomva fungo la zitsamba pamasitepe amaganiza kuti afika kwa sing'anga wa pamsika, ndipo alipo ena amene amakhulupirira kuti chilichonse cha ku Korea chikakhudza khungu chimachita zozizwitsa, poti anaona nkhope zosalala za m'mafilimu. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika. Dokotala wa ku hanuiwon, amene kuno amati hanuisa, amaphunzira zaka 6 ku yunivesite, amalemba mayeso a boma, ndipo chiphaso chake chimachokera ku unduna wa zaumoyo. Inshuwalansi ya boma yakhala ikulipira masingano awo kuyambira 1987. Ineyo khosi likauma ndi ntchito ndimapita konko, amandibaya masingano, kundilumika ndi timakapu tawo, ndimatuluka ndapepukidwa, ndalama yake ili yochepa. Za khosi ndi msana ndilibe nazo mawu. Mavuto amayamba nkhani ikafika pa tsitsi ndi khungu, chifukwa pamenepo pali ndalama zambiri, ndipo munthu amene tsitsi likumuthothoka m'dziko la eni amalipira chilichonse chimene wauzidwa.

Poyamba phunzirani kuwerenga zikwangwani, chifukwa nyumba imodzi ya pafupi ndi siteshoni imatha kukhala ndi malo anayi onse olonjeza tsitsi ndi khungu labwino. Hanuiwon ndi chipatala cha mankhwala achikorea. Pibugwa ndi chipatala cha khungu cha madokotala achizungu. Pamenepanso pali msampha: chikwangwani chikalembedwa dzina kenako pibugwa uiwon molumikizana, mwini wake ndi katswiri wa khungu, koma chikalembedwa uiwon, kenako pambali jinryo gwamok pibugwa, ameneyo ndi dokotala wamba, ndipo ambiri otere amakonda ma laser ndi botox kuposa kuyang'ana zipere zanu. Achitatu ndi malo otchedwa dupi gwalli kapena pibu gwallisil. Amavala zoyera, ali ndi makina owala, koma si chipatala, ndi saluni. Achinayi ndi geongangwon, timasitolo tophika madzi a mbuzi yakuda, a zipatso ndi a mizu m'mapoto akuluakulu. Kumeneko kulibe dokotala aliyense. Mnyamata ndamutchula uja ndalama yake anaisiya pa malo achitatuwo, iye akuganiza kuti ali kuchipatala.

1. Dziwani kaye dzina la matenda anu musanagule mankhwala a mtundu uliwonse.

Kuno kuthothoka kwa tsitsi konse amangoti talmo, ndipo mukalowa ku hanuiwon kawirikawiri mumva kuti kutentha kwa m'thupi kwakwera kumutu, ndiye afunika kukutsitsa. Ndi mmene iwo amalongosolera, sindikuwatsutsa pa chiphunzitso chawo. Koma tsitsi limathothoka pa zifukwa zosiyana kwambiri, ndipo chilichonse chili ndi njira yake.

Kadazi kozungulira ngati ka mwana wa achimwene anga kuno amati wonhyeong talmo. Ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimatembenukira mizu ya tsitsi. Kakakhala kamodzi kakang'ono, nthawi zambiri tsitsi limameranso lokha chaka chisanathe. Amenewa boma limawawerenga ngati matenda, choncho ku pibugwa inshuwalansi imalipira, amabaya kajakisoni ka siteroidi pamalopo, inu n'kulipira gawo lanu lochepa. Ndinamuuza kuti apite kumeneko kaye. Taganizani, munthu walipira miyezi itatu ya zitsamba, tsitsi lamera pa nthawi imene likanamera ndi kale, ndiye azidzauza aliyense kuti zitsamba zija ndi zamphamvu. Maumboni ambiri amene mudzamve anabadwa choncho.

Kwina ndi kuja tsitsi limayoyoka mutu wonse, m'chipeso muli tho, pabafa pali mbwee. Kumeneku kumagwira ambiri a ife miyezi iwiri kapena itatu titafika. Thupi lakumana ndi zambiri: ulendo, nkhawa ya kalasi ya chilankhulo, kusagona, chakudya chosazolowereka, ena anadwala malungo atatsala pang'ono kunyamuka, ena angobereka kumene. Tsitsi limayankha mochedwa, ndiye munthu sagwirizanitsa. Nthawi zambiri kumasiya kokha pakatha miyezi ngati 6, bola chimene chinayambitsa chitatha. Chofunika apa ndi kuyezetsa magazi: ayironi, chithokomiro, vitamini D. Ife akhungu lakuda vitamini D amatitsikira kwambiri m'nyengo yozizira ya kuno, ndipo atsikana ambiri amabwera magazi ali ochepa kale. Munthu wosowa ayironi angamwe zitsamba chaka chonse, tsitsi silibwerera mpaka ayironiyo atakwera. Ndiponso pali matenda ena, ngakhale chindoko, amene amathothola tsitsi, ndipo amenewo amaoneka m'magazi basi.

Dazi la amuna, la kumtundu lija, inshuwalansi silipira, kaya ku hanuiwon kaya ku pibugwa. Mankhwala amene anayesedwa bwino ndi odziwika: minoxidil wopaka, amene mungagule ku yakguk, sitolo ya mankhwala, popanda kalata ya dokotala, ndi mapiritsi a finasteride kapena dutasteride amene amafuna kalata. Amuna achikorea amakhamukira ku Jongno 5-ga ku Seoul chifukwa kumeneko kalata ndi mapiritsi n'zotsika mtengo. Mukasiya kumwa dazi limabwerera, mudziwiretu zimenezo, ndipo dokotala akuuzeni zovuta zake musanayambe. Amene muli pabanja, mayi woyembekezera asagwire mapiritsi amenewa akakhala osweka.

Tsono pali zathu, zimene madokotala ambiri a kuno, a mbali zonse ziwiri, sanazionepo kawirikawiri. Kuluka kuno n'kodula. Umayenera kukwera sitima mpaka ku Itaewon kapena ku Songtan, ndiye timauza woluka kuti amange zolimba kuti zikhalitse, n'kukhala nazo miyezi osamasula, pamwamba pake wigi ndi guluu, pamwamba pakenso chipewa cha nyengo yozizira. Tsitsi la m'mbali ndi la pachipumi limatha chifukwa chokokedwa. Palibe kutentha kumene kwakwera kumutu pamenepo, ndipo palibe madzi akumwa amene angathandize ngati mesh ikukokabe. Masulani, mutu upume. Choopsa kwambiri ndi chija chimayamba paliwombo mwa amayi akuda, pamayabwa kapena kuwawa, khungu n'kuyamba kusalala ndi kunyezimira, dazi n'kumakula mozungulira. Chimenecho chimapha mizu ya tsitsi ndi chipsera, ndipo pamene paphedwa sipameranso. Miyezi itatu imene mungathere poyesa zitsamba ndi miyezi imene mukadapulumutsa mbali yotsalayo. Pitani kwa katswiri, ngati n'kotheka wa pachipatala cha yunivesite, koma mutenge kaye kalata yotumizira ku chipatala chaching'ono kuti inshuwalansi igwire. Amuna amene mumatuluka tinsungu tolimba kunkhongo mukameta, nanunso musalole munthu kubayapo masingano asanadziwe chimene chili. Ana akakhala ndi zipere za m'mutu, mukuzidziwa, zimafuna mankhwala akumwa opha mafangasi, osati zopaka zokha.

2. Musalipiriretu.

Apa ndiye ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinalira. Pa lisiti ya chipatala chilichonse kuno pali mbali ziwiri, geubyeo ndi bigeubyeo. Yoyambayo ndi imene inshuwalansi imalipira, inu n'kuwonjezera pafupifupi 30 peresenti pa chipatala chaching'ono. Yachiwiriyo mumalipira yonse nokha, ndipo mtengo amaika ndi eni chipatala. Masingano wamba, kulumika ndi kuotcha kuja amati tteum zili mbali yoyamba pamene akuchiza matenda. Koma pafupifupi zonse zimene amagulitsa pa tsitsi ndi kukongoletsa khungu zili mbali yachiwiri: mankhwala azitsamba ophika amene amati hanyak, jakisoni wa zitsamba amene amati yakchim, ulusi wolowetsa pansi pa khungu umene amati maeseon, zopala nkhope. Bokosi limodzi la hanyak, la masabata awiri kapena kupitirira pang'ono, limadya mawon mazana a masauzande. Muwerengere nokha kuti miyezi itatu ikhala bwanji pa ndalama ya sikolashipu.

Ine ndinapita ku hanuiwon ndi ziphuphu za m'nsagwada zimene zinkasiya mawanga akuda. Dokotala anandikhazika, ndinaika dzanja pa kapilo kakang'ono, anagwira mtsempha ndi zala zitatu, anayang'ana lilime, anafunsa za tulo, za chimbudzi ndi za kumwezi. Anali waulemu ndithu, koma sanakhalitse nane. Kenako anandilowetsa m'kachipinda kena mmene munali mayi wovala bwino, amene kuno amati siljang. Ameneyo si dokotala, si namwino, ntchito yake ndi kugulitsa. Anatsegula tabuleti n'kuyamba kundionetsa zithunzi za nkhope zisanachire ndi zitachira, zonse za anthu oyera. Analemba mtengo papepala, anaukhwacha, analemba wina wotsikirapo, ati umenewu ndi wa lero lokha, ndipo andiwonjezera maulendo awiri aulere poti ndine mlendo. Ndinamufunsa maso ndi maso, kudzera pa Papago, pulogalamu yomasulira ya pafoni, kuti pasakhale kusamvana, ngati anachitapo zimenezi pa khungu lakuda. Anati inde, alendo ambiri amabwera. Linali bodza, ndipo ndinadzazindikira pamene mtsikana wopaka mankhwalayo anaitana anzake kuti adzaone mmene khungu langa likuchitira.

Chimene anandipaka amati yakcho peeling, ufa wobiriwira moderapo umene amatikita pankhope mwamphamvu. Muli timinga ting'onoting'ono timene timalowa m'khungu, usiku wonse ukagwira tsaya umamva kulasa, pakapita masiku khungu limasupuka. Pa Mkorea mwina pamatuluka khungu latsopano lowala. Pa ine panatuluka zigamba zakuda bii, zazikulu kuposa mawanga amene ndinapita nawo, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti zizimirire. Ndinkapita kuntchito nditavala masiki ngakhale pamene ena onse anali atavula. Khungu lathu likapsa kapena kukandika limayankha ndi kuda, ndipo katswiri aliyense wa khungu amadziwa zimenezi. Iwo sanandichenjeze ngakhale kamodzi.

Nditabwerera kukadandaula anandiuza kuti ndi myeonghyeon, ati thupi likutulutsa zoipa, zimayamba zaipa kenako zimakoma, ndipitirize. Mawu amenewo mudzawamva, kaya kwa wogulitsa zakumwa kaya kwa wopaka nkhope. Ofesi ya boma yoona za chakudya ndi mankhwala inachenjezapo anthu kuti asapitirize kumwa chinthu chimene chikuwadwalitsa chifukwa chouzidwa mawu amenewa. Mukatupa, mukatuluka zidzolo, mukayamba kusanza, lekani tsiku lomwelo. Ndipo nditati ndikufuna ndalama yanga yotsala, siljang uja anatulutsa kakyuleta n'kuwerengeranso maulendo amene ndinapita pa mtengo woyamba uja anaukhwacha, maulendo aulere aja n'kuwaikanso mtengo, mpaka zinaoneka ngati ine ndi amene ndili ndi ngongole. Anandidyera masuku pamutu poona kuti Chikorea changa chinali chosakhwima. Mpaka lero ndikadutsa pa nyumba imeneyo mtima umandiwawa. Amene anandithandiza ndi mayi wina wa kutchalitchi, amene anaimba pa 1372, nambala ya madandaulo a ogula, n'kuyankhula m'malo mwanga. Gawo lina linabwezedwa, osati yonse.

Ndiye chonde, lipirani ulendo umodzi umodzi, ngakhale zioneke zodula. Hanyak aphike wa masiku ochepa kaye, chifukwa akaphika sabweza. Ngati mwakakamira phukusi, alembe papepala mtengo wa ulendo uliwonse ndi mmene adzawerengere mukasiya pakati, mujambule pepalalo. Mawu oti ndalama sibwezedwa sathetsa nkhani, wodwala ali ndi ufulu wosiya chithandizo, ndipo Korea Consumer Agency, bungwe la boma loteteza ogula, limalandira milandu yotere. Nthawi zonse pemphani lisiti ndi pepala la tsatanetsatane wa zimene mwalipira. Akati mulipire kashi kuti akuchotsereni, kanani. Amene muli ndi credit card, ndalama ikafika 200,000 won kapena kuposa lipirani mwa halbu, kutanthauza pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, kwa miyezi itatu kupita m'tsogolo, chifukwa malowo akatseka kapena akaphwanya pangano lamulo limakulolani kuuza kampani ya khadi kuti isiye kudula zotsalazo.

Za khungu lathu ndionjezereponso. Amene muli ndi zipsera zotupa zija amati keloid, kaya pakhutu pamene munaboola, kaya pachifuwa, kaya pamene anakutemani mphini muli ana, nenani musanagone pabedi lawo, ndipo muwaonetse. Ulusi wa maeseon, masingano opalira zipsera za ziphuphu, tteum woika pakhungu penipeni, kulumika kotulutsa magazi, zonsezi zimavulaza khungu mwadala, ndipo pa munthu wa keloid bala laling'ono limatha kusanduka chotupa cha moyo wonse. Jakisoni wa ululu wa njuchi, amene amati bongchim, anthu anafa naye kuno chifukwa cha thupi kuukana mwadzidzidzi. Ngati njuchi inakutupitsanipo thupi lonse kumudzi, musayerekeze. Ndipo alongo anga amene munabwera ndi mafuta oyeretsa khungu m'chikwama, kapena munkadzola kale, muuzeni dokotala zoona. Ambiri mwa mafuta amenewo muli siteroidi wamphamvu, amapyapyalitsa khungu, ndipo mukasiya mwadzidzidzi nkhope imalusa. Dokotala wosadziwa zimenezi adzakuchizani matenda amene mulibe. Palibe amene akuweruzeni, ingonenani.

Chachitatu, ndipo ichi chikhoza kupha: chiwindi.

Hanyak amabwera kunyumba m'bokosi, timapaketi tapulasitiki ta madzi akuda, mumaviika kamodzi m'madzi otentha n'kumwa kawiri kapena katatu patsiku. Poti ndi zitsamba, anthu amamwa ngati tiyi. Amene amalemba hanuisa amagwiritsa zitsamba zoyesedwa motsata malamulo a boma, ndipo ameneyo mukhoza kumufunsa mlandu. Choopsa kwambiri ndi zogula nokha. Mukapita ku Jegi-dong ku Seoul, ku msika wa Gyeongdong ndi Seoul Yangnyeongsi, kapena ku Yangnyeongsi wa ku Daegu amene alipo kuyambira 1658, mudzaona milu ya mizu ndi makungwa, ndipo mukangoloza kumutu wogulitsa adzakutapirani hasuo. Muzu umenewu ndi wotchuka kuti umadetsa ndi kulimbitsa tsitsi, koma ndi wodziwikanso m'zipatala kuti umawononga chiwindi cha anthu ena. Winanso ndi baekseonpi, umene anthu amamwa pa matenda a khungu, nawonso wagonekapo anthu m'chipatala ndi chiwindi. Ngakhale za m'mabotolo okongola si zonse zoona: mu 2015 Korea Consumer Agency inapeza kuti zakumwa ndi mapiritsi ambiri ogulitsidwa ngati muzu wotchedwa baeksuo munali muzu wina wofanana nawo, dziko lonse linagwedezeka. Kapitani kukaona misikayo, ndi yosangalatsa, koma musaphike chimene simukuchidziwa. Safunsa anadya phula.

Ndikudziwa kuti ena mwa ife tili pa ma ARV, ena pa mankhwala a TB, ena a BP, a shuga, ena ali ndi hepatitis B, ndipo m'dziko lachilendo timaopa kunena. Koma musamwe hanyak musanafunse dokotala amene amakupatsani mankhwala amenewo. Zitsamba zina zimafooketsa mankhwala ena m'magazi, ndipo mankhwala a TB amalemetsa kale chiwindi. Gamcho, muzu wotsekemera umene umalowa m'mankhwala awo ambiri, ukachuluka umakweza BP. Mankhwala awo ochepetsa thupi, amene siljang amakonda kuwonjezera pa phukusi la khungu, kawirikawiri mumakhala mahwang, amene amathamangitsa mtima ndi kusowetsa tulo. Oyembekezera ndi oyamwitsa, nenani poyamba penipeni. Mukaona maso achita chikasu, mkodzo wafiira kwambiri, thupi likuyabwa, chakudya sichikulowa, siyani kumwa, tengani paketi imodzi mupite nayo kuchipatala chachikulu akayeze chiwindi.

Adzakupatsaninso mndandanda wa zoletsedwa: za ufa wa tirigu, nkhumba, nkhuku, zokazinga, mowa, khofi. Wa mowa ndikuvomereza. Koma mwana wasukulu amene akudya kale movutikira ku kafeteriya, ukamuchotsera nkhuku ndi nkhumba watsala ndi mpunga ndi kimchi, thupi likusowa zomanga, tsitsi n'kumathothoka kuposa kale. Afunseni kuti ndidye chiyani m'malo mwake, ndipo mazira, nyemba, tofu ndi nsomba zisachoke pa mbale yanu.

Tsopano za nkhope kupotoka, zimene kuno amati guanwasa. Zinachitikira mlongo wina wa m'gulu lathu la mapemphero. Anadzuka m'mawa, potsuka m'kamwa madzi akungotayikira mbali imodzi, diso silikutsinzina, kumwetulira kwapita kumodzi. Kwathu tikadathamangira kunena kuti pali munthu wachita. Akorea akuluakulu amati wagona pansi pozizira. Amayi a nyumba imene ankakhala anamukokera ku hanuiwon mwachikondi ndithu, chifukwa kuno matenda amenewa anthu amawadziwa ngati a masingano, ndipo anakhala akubayidwa sabata yathunthu asanaonane ndi dokotala wina. Apa pali zinthu ziwiri zimene sizidikira. Ngati pamodzi ndi nkhopeyo dzanja kapena mwendo wafooka, mawu akutuluka mopotoka, kapena munthu akudzandira, ameneyo akhoza kukhala sitiroko, imbani 119, nambala ya ambulansi, pompo, musakwere basi. Ngati ndi nkhope yokha, mapiritsi a siteroidi amathandiza kwambiri akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo hanuisa salemba mapiritsi amenewo. Pitani tsiku lomwelo ku ibiinhugwa (chipatala cha makutu, mphuno ndi kukhosi) kapena ku singyeonggwa (cha ubongo ndi minyewa), usiku pitani ku eunggeupsil (kolandirira odwala mwadzidzidzi). Mukaona matuza m'khutu kapena khutu likuwawa kwambiri, nenani, chifukwa akhoza kukhala mashingozi, ndipo amenewo amafuna mankhwala ena owonjezera msanga. Diso losatsinzinalo lisamaleni ndi madontho, usiku mulitseke, lingachite bala. Mukatero, masingano pitani mukabayitse ngati mukufuna, ambiri amati amawathandiza. Zipatala zina, monga za yunivesite ya Kyung Hee ku Seoul, zili ndi mbali zonse ziwiri, ndipo madokotala ake amatumizirana odwala. Pa matenda amenewa ndalama ili ndi mpumulo: kuyambira November 2020 boma linayamba kuyesa kulipira hanyak wophika pa matenda ochepa, ndipo kufa kwa mtsempha wa nkhope kuli m'gulu limenelo. Si hanuiwon iliyonse imene ili m'ndondomekoyi, ndiye funsani musanalembetse. Mlongo uja anachira, koma diso lake limalengezabe misozi akamadya.

Ndinenenso za ife tokha, ngakhale ena zikuwawani. Pali anthu a kwathu, ndi a maiko oyandikana nafe, amene asanduka madobadoba a zipatala zimenezi. Amakuyandikira kutchalitchi kapena pa gulu la KakaoTalk, WhatsApp ya kuno, mlongo ndikuperekeze, ndikakumasulire, amandidziwa akakuchotsera. Iwe n'kumathokoza kuti wapeza m'bale, osadziwa kuti pa mutu wako pali kangachepe kake. Amene anandilozera ine malo aja anali munthu amene ndinkadya naye nsima Lamlungu. Nkhope itapsa anasiya kuyankha foni. Womasulira amene akudya nawo sangakumasulireni mawu oti izi sizikuyenerani. Tengani munthu wa ku ofesi ya ophunzira akunja, kapena Mkorea amene alibe phindu pa nkhaniyo. Ndemanga za pa mabulogu a Naver nazonso muziwerenge ndi diso limodzi, zambiri amalemba anthu amene anapatsidwa chithandizo chaulere kuti ayamikire.

Zina zimene mukuthamangira nazo kuchipatala ndi nyengo chabe. Kuyambira November mpaka March mpweya wa kuno ndi wouma koopsa, m'nyumba ondol, chotenthetsera cha pansi pa nyumba, ikuotcha, khungu limatuwa, limang'ambika, miyendo imayabwa usiku, mfundu imachuluka. Sambani madzi ofunda osati otentha, mwachangu, dzolani mafuta olemera thupi lisanaume, gulani kamakina konyowetsa mpweya kapena yanikani thaulo lonyowa m'chipinda. Ku jjimjilbang, malo osambirako anthu ambiri, musalole kukhulidwa ndi kansalu kokakala kaja ngati muli ndi chikanga kapena ziphuphu. Mashampu ambiri a m'masitolo anapangidwira tsitsi la mafuta lotsukidwa tsiku ndi tsiku, lathu amaliumitsa mpaka kuduka, ndipo tsitsi loduka si tsitsi lothothoka, yang'anani ngati kumapeto kwake kuli kamuzu koyera. Shampu yolembedwa kuti hanbang (ya zitsamba) kapena talmo ndi shampu basi, dazi siichiza.

Obwera m'mbuyo muno auzeni asanyamule mafuta a tsitsi kapena odzola olembedwa kuti muli chamba kapena CBD. Malamulo a kuno pa chamba ndi ouma, ndipo pa kasitomu sadzamva zoti ndi zodzola. Abale akumudzi nawo adzayamba kukutumani mankhwala a dazi a ku Korea. Hanyak amalembera munthu amene amuona ndi kumugwira mtsempha, si wogawana, ndipo madzi ophika amenewo si oyenda nawo m'chikwama kudzera ku Addis mpaka kukafika ku Nsanje mu October.

Inshuwalansi yanu muziilipira mwezi ndi mwezi. Kuyambira July 2019 mlendo wokhala kuno miyezi 6 amalowa mokakamizidwa, ndipo ophunzira analowetsedwa kuyambira March 2021. Mukalekerera ngongole, chithandizo chimaimitsidwa ndipo nkhaniyo imakakupezani ku immigration pokawonjezera visa. Kuyambira May 2024 zipatala zimafuna chiphaso chanu pa kauntala, choncho nyamulani ARC, ndipo musabwereke kapena kubwereketsa dzina la munthu wina, ndi mlandu kwa nonse awiri. Amene mapepala anu sali bwino ndipo mukuopa chipatala, musathawire ku geongangwon kapena kwa wogulitsa mizu. Ku Seoul kuli Raphael Clinic imene imaona alendo ogwira ntchito kwaulere Lamlungu, ndipo m'mizinda ina malo othandiza alendo ndi matchalitchi amadziwa kumene kuli zipatala zotere. Funsani kumeneko, ndipo popita munyamule mankhwala onse amene mukumwa ndi mafuta onse amene mukudzola.